Bwanji kanema amakakamira pa maliro a anthu otchuka, nkhani za boma n'kusowa?

Nangozo, Kamuzu Road:
Akuluakulu amene mumadziwa ntchito ya utolankhani, ndithandizeni. Munthu wotchuka akamwalira, nkhani za madzulo pa kanema zimangokhala za maliro kwa masiku angapo: kufika kwa thupi, mauthenga opepesa, mapemphero, kuika m'manda. Mawailesi akunja nawonso anatero Mfumukazi Elizabeth itamwalira mu September 2022. Koma za ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), za msewu wa M5, za mapaipi opopa madzi m'nyanja kuno kupita ku Lilongwe, zimangotchulidwa pang'ono kapena sizimveka n'komwe. Kodi ndi mabwana amalamula choncho, kapena ndi ndalama? Nanga ife a ku Salima tingatani kuti nkhani ya khonsolo yathu ituluke?

Mkonzi, Linga:
Mayi, kawirikawiri palibe amene amalamula. Vuto limayambira pa nthawi ndi zithunzi. Pa mphindi 30 za nkhani, mukachotsa malonda, zamasewero ndi zanyengo, zotsala n'zochepa, ndipo nkhani imodzi imadya mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Akonzi amakumana m'mawa n'kugawa makamera ndi galimoto zochepa zimene ali nazo. Funso loyamba pa nkhani iliyonse ya pa kanema ndi lakuti: tionetsa chiyani?

Maliro amayankha funsoli okha. Tsiku, malo ndi ola zimadziwika kale. Pali bokosi, khamu, kwaya, akuluakulu olankhula, ndiponso zithunzi zakale za malemuyo zili kale m'kompyuta. Kamera imodzi ikaima malo amodzi imabwerako ndi nkhani zitatu. Ngati ndi maliro akunja, zithunzi zimafika zokonzedwa kale, wailesi osawotcha ngakhale lita imodzi ya mafuta.

Tsono tengani nkhani ya mlatho wa CDF umene sunathe. Pafunika galimoto kuchokera ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kufika ku Salima, pafupifupi 200 kufika ku Nkhotakota. Pafunika zikalata zosonyeza ndalama zimene zinatuluka, mawu a kontilakitala, a phungu ndi a DC. Mmodzi akakana kuyankha foni, nkhani igona. Mukalakwitsa nambala imodzi, loya akulemberani kalata. Pa maliro palibe amasuma.

Pali china chimene atolankhani sakonda kuchitchula pagulu: chipondamthengo. Okonza misonkhano ambiri amatumiza galimoto n'kupereka kenakake ka m'thumba, ndiye kamera imapita kumene yaitanidwa. Mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu alibe galimoto yotumiza. Onjezaninso kuti boma ndi makampani ake ndiwo amagula malonda ambiri pa wailesi, ndiye mkonzi amaganiza kawiri asanawaponde chala.

Bambo a ku Chipoka:
Ndikugwirizana ndi a Mkonzi, koma tisalankhule ngati maliro ndi nkhani yopanda pake. Maliro n'kulirana, ndipo amene ali kutali amalira nawo kudzera pa kanema. Komanso imfa zina ndi ndale zenizeni. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012, boma linalengeza pa 7 April, tsiku limene Joyce Banda analumbira. M'masiku awiri amenewo nkhani yaikulu inali yakuti malamulo a dziko atsatidwa kapena ayi. Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu atafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, dziko linalira masiku 21, ndipo kunali koyenera kuonetsa mwambo wa ku Bingu Stadium ndi wa ku Nsipe.

Chimene chimandipweteka ndi cha pambuyo pa manda. Ndege inali yotani, ananyamuka bwanji nyengo ili choncho, kufunafuna kunayamba ola lanji: mafunso amenewa amafuna mtolankhani woti akhale nawo miyezi. Lipoti la komiti yofufuza ngoziyo linatuluka mu December chaka chomwecho. Lipoti lotere liyenera kugawidwa mutu ndi mutu kwa sabata yathunthu, m'Chichewa, osati kuwerenga mitu yokha usiku umodzi.

Wojambula, Senga Bay:
Achemwali a Nangozo, pa funso lanu lachiwiri: mpatseni mkonzi nkhani yoti asavutike nayo. Foni yanu ikwanira.

Igwireni chopingasa, osati choimika, chifukwa kanema wa m'nyumba ndi wopingasa. Musamayendetse foni uku ndi uku. Imani, werengani mpaka 10, zimitsani, sinthani malo. Jambulani zidutswa zosachepera zisanu ndi chimodzi: malo onse muli chapatali, pamene pawonongeka muli pafupi, anthu akuwoloka kapena akutunga madzi, ndi chikwangwani cha ntchitoyo. Chikwangwanicho musachiiwale, pamakhala dzina la kontilakitala ndipo nthawi zambiri mtengo ndi tsiku lomalizira.

Mawu ndi amene amapha zambiri zochokera kuno kunyanja. Mphepo ya mwera ikalowa m'foni, palibe angakonze. Muimikeni wolankhulayo kuseri kwa khoma, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, foni isatalikire kupitirira mkono. Ayambe watchula dzina ndi udindo wake, kenako anene mfundo imodzi m'masekondi 20. Anthu awiri akwana, mwachitsanzo wapampando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi mayi amene amagwiritsa ntchito malowo. Ana musawafunse popanda kholo.

Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati fayilo. Mukatumiza mwachizolowezi zithunzi zimafinyika ndipo pa kanema zimaoneka mbuu. Lembani ndime imodzi: chachitika n'chiyani, kuti, liti, ndalama zingati, mwazidziwa bwanji. Ikanipo manambala a mbali inayo, khansala kapena ofesi ya DC, pakuti mkonzi wabwino saulutsa mbali imodzi. Zifike nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndipo musatumize tsiku la maliro aakulu, zidzakwiririka. Dikirani masiku awiri kapena atatu, kapena tumizani Lamlungu pamene nkhani zimasowa.

Mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC), Benga:
Zithunzi popanda chikalata ndi madandaulo chabe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zimene maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lembani kalata kwa ofisala woona zopereka uthenga ku khonsolo, mutchule ntchitoyo, dera ndi chaka cha ndalama, chimene tsopano chimayamba pa 1 April. Musalembe kuti "tikufuna zonse za CDF", adzakuzunguzani. Pemphani mgwirizano wa kontilakitala ndi mapepala a malipiro a ntchito imodzi. Ayenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Sungani kope lodindidwa tsiku limene analandira, chifukwa akakhala chete ndi limene mupite nalo ku Malawi Human Rights Commission, amene amayang'anira lamuloli.

Musathamangire ku Lilongwe kokha. Yambani ndi wailesi ya Chisomo ku Salima kapena Nkhotakota Community Radio, ndi mtolankhani wa MANA, nthambi ya boma yotola nkhani, amene amakhala pa boma. Nkhani ikamveka pa wailesi ya m'dera, a kanema amaitola mosavuta chifukwa wina wayamba kale kuitsimikiza.

Nangozo, Kamuzu Road:
Zikomo nonse. Nanga kukadandaula ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, kungathandize?

Mkonzi, Linga:
Pa ichi ayi, mayi. MACRA ndi Media Council of Malawi amamva madandaulo a nkhani yabodza, yokondera kapena yonyoza munthu, koma sasankhira mkonzi nkhani yoyamba. Lemberani mkulu wa nkhani pa wailesiyo, mutchule tsiku, ola, mphindi zimene maliro anatenga ndi nkhani imene inasiyidwa. Kalatayo isainidwe ndi komiti yonse ya ADC, ndipo muikemo nambala ya munthu amene ali wokonzeka kulankhula pa kamera.