Mano a mwana wanga akumera mothithikana

Mayi wa ku Chitakale: Anzanga ndithandizeni. Mtsikana wanga wa zaka 7 wamera mano awiri apansi kumbuyo kwa akale, akalewo asanagweluke. Chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti akatseka pakamwa, mano akutsogolo sakumana, pamatsala kampata koti lilime n'kutulukira. Dzulo chimanga chootcha amachita kulumira cham'mbali. Kuyamwa chala sanasiye, ndalankhula mpaka kutopa. Kodi zimenezi zimatha zokha?

Nachisale wa ku Luchenza: Za mizere iwiriyo musade nazo nkhawa amayi. Wanga zinamuchitikiranso, akale atagweluka lilime linakankhira atsopanowo m'malo mwake. Koma musawazule ndi ulusi ngati sakugwedera.

Bambo wa ku Bvumbwe: Kampatako ndiye nkhani. Chala chimakankhira mano am'mwamba kutsogolo, ndipo pa zaka 7 mano okhalitsa ayamba kale kumera. Muuzeni alume pang'onopang'ono muone: am'mwamba amayenera kuphimbako apansi pang'ono. Ngati sakukhudzana, kapena chibwano chikupita mbali imodzi, pitani naye kwa dokotala wa mano kuchipatala cha boma.

Mayi wa ku Chitakale: Zikomo. Ndamuyesa pompano, chibwano chili bwino, koma kampata kalipo ndithu. Lolemba tilawirira kuchipatala.