Gulu la banja: mapiritsi a mtima a agogo

Mayi aang'ono (Ndirande): Odi pagulu pano. Tabwerako kuchipatala ndi amayi. Adokotala akuti mtima wawo wafooka ndiponso ukugunda mosalongosoka, n'chifukwa chake miyendo ikutupa ndipo akagona chagada amabanika. Atipatsa mankhwala awiri atsopano, furosemide ndi digoxin, kuonjezera pa a BP aja. Ine mutu wabalalika, tithandizane abale.

Malume (Bangwe): Tathokoza achemwali powaperekeza. Panopa ali bwanji?

Mayi aang'ono (Ndirande): Amwa phala pang'ono, agona motsamira mapilo atatu.

Achimwene (Joni): Mwaswera bwanji nonse. Ndafufuza digoxin uja pa Google, ndapeza mawu oti steroid. Kodi si zija amadzibaya anyamata onyamula zitsulo kuno? Munthu wa zaka 78 angamupatse zimenezo?

Mdzukulu (KUHeS, yunivesite ya zaumoyo): Ayi achimwene, mtima pansi. Steroid ndi dzina la mtundu, ngati mmene tinganenere kuti a Phiri. A Phiri ndi ambiri koma si onse apachibale chenicheni. Ngakhale cholesterol ya m'thupi mwathu ndi ya mtundu womwewo. Digoxin sakulitsa minofu. Amachokera ku masamba a duwa lotchedwa foxglove. Dokotala wina wa ku England, William Withering, analemba mu 1785 mmene duwali linkaphwetsera anthu otupa thupi, koma digoxin weniweniyo anamupatula mu 1930.

Alamu (Chilomoni): Nanga amagwira bwanji ntchito? Tifotokozereni mwa Chichewa, a dokotala athu a mawa.

Mdzukulu (KUHeS): Tiziwalo ting'onoting'ono ta mnofu wa mtima tili ndi enzyme imene imagwira ntchito ngati pampu. Imatulutsa sodiyamu n'kulowetsa potaziyamu, usana ndi usiku. Anaitulukira ndi Jens Skou wa ku Denmark mu 1957, mpaka analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1997. Digoxin amakaigwira pampuyo kuti ichepetse liwiro. Sodiyamu akachulukirako mkati, kashiyamu nayenso amachuluka, ndipo kashiyamu ndi amene amapangitsa mtima kufinya mwamphamvu. Ndiye mtima umagunda modekha koma mwamphamvu, m'malo mothamanga mopanda phindu ngati mmene ukuchitira wa agogo.

Mdzukulu (KUHeS): Ndipo amalume, izi zikusangalatsani. Mankhwala a mtundu umenewu ali ndi mbale wake wa konkuno. Mukuudziwa kombe?

Malume (Bangwe): Iii kombe! Bambo athu malemu ankautchula kwambiri. Ndi ulembe umene akale ku Chikwawa ankapaka kumivi posaka njati. Ankati nyama ikalasidwa alenje ankangoitsata pambuyo mpaka igwe, kenako n'kudula mnofu wa pabalapo n'kutaya, yotsalayo n'kudya.

Mdzukulu (KUHeS): Womwewo. John Kirk, dokotala amene anali ndi David Livingstone paulendo wa pa Zambezi ndi Shire womwe unayamba mu 1858, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenako anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Nthanga zake zinafika ku Edinburgh kwa Thomas Fraser, amene anapezamo mankhwala otchedwa strophanthin, ndipo pofika 1885 anali akuuza madokotala anzake kuti angathandize odwala mtima. John Buchanan wa ku Zomba uja ankatumiza nthangazi ku Britain kukagulitsa. Mpaka lero m'mabuku a sayansi mtengowu dzina lake ndi Strophanthus kombe. Ndikaliona dzinalo m'kalasi mtima umandiwawa pang'ono, chifukwa mayina a Kirk ndi Fraser alipo koma a alenje a Chimang'anja amene anaudziwa poyamba palibe ndi limodzi lomwe.

Malume (Bangwe): Ndiye ngati ndi zathu zomwe, bwanji osangotuma msuweni wathu wa ku Chikwawa uja atipezere nthanga zingapo? Tizingowapatsa amayi pang'ono pang'ono, kusiyana ndi kumagula mapiritsi mwezi ndi mwezi.

Achemwali anesi (Zingwangwa): Amalume, ndagwira mwendo wanu, zimenezo ayi. Ndangotuluka kumene kuntchito ndiye ndawerenga zonse. Chimene chinkagwetsa njati n'cha mtundu umodzi ndi chimene chili m'kapiritsi kaja, kusiyana kwakukulu ndi muyeso. Amayi, taonani pa paketi, palembedwa bwanji?

Mayi aang'ono (Ndirande): Palembedwa 0.125 mg, kamodzi pa tsiku.

Achemwali anesi (Zingwangwa): Mwaona amalume? Sikakwana ngakhale miligalamu imodzi. Ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a miligalamu. Ndani angayeze zimenezo ndi supuni kapena mtondo? Mankhwala amenewa malire a pakati pa kuchiza ndi kupha ndi opyapyala kwambiri. Ndipo kombe akakumana ndi digoxin m'thupi limodzi, onse akukagwira pampu imodzi yomwe ija. Mtima ukhoza kungoima.

Malume (Bangwe): Ndamva mwana wa mlongo wanga. Ndimangoganizira za ndalama. Nkhani ya kombe ndaisiya pomwepa.

Alamu (Chilomoni): Poti tili pomwepo, mayi wina wa kutchalitchi ananditumizira kavidiyo koti mankhwala a mtundu umenewu akuchizanso khansa. Ndi zoona?

Mdzukulu (KUHeS): Akatswiri akufufuzadi alamu. Mu labu zaoneka kuti amatha kufooketsa tiziwalo ta khansa, poti natonso timadalira pampu yomwe ija. Koma m'mbale ya mu labu mulibe mtima woti uime. Kwa munthu, muyeso umakhala vuto. Pakadali pano ntchito yake yovomerezeka ndi ya mtima, ndipo digoxin ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri. Kavidiyoko musakatumize kwa wodwala khansa aliyense chonde.

Achemwali anesi (Zingwangwa): Tsopano tikambe zoti tichite, chifukwa chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nyumba ya ku Ndirande. Mumalowa anthu ambiri ndipo aliyense amawakonda agogo. Amayi awapatsa m'mawa n'kupita kumsika, wina wabwera kudzazonda, agogo aiwala, akuti sindinamwe, wawapatsanso. Ndi digoxin zimenezo n'zoopsa. Wopereka akhale mmodzi. Mapiritsi akhale mokiyidwa, ana asawafikire. Tsiku lina akaiwalika, mawa lake osapereka awiri.

Mayi aang'ono (Ndirande): Ndizipereka ine 7 koloko m'mawa ndisanapite kumsika. Koma Lachitatu ndimalawirira ku Limbe kokaoda katundu.

Alamu (Chilomoni): Lachitatu ndisiyireni ine. Ndizigona konko Lachiwiri usiku.

Achemwali anesi (Zingwangwa): Zikomo alamu. Tigule kope. Musanawapatse, gwirani padzanja pawo muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, mulembe tsiku ndi nambala. Ikatsika pansi pa 60 musapereke, mundiimbire kaye. Mundiimbirenso akayamba nseru, kusanza, kukana chakudya, kusokonezeka mutu, kapena akamati zinthu zikuoneka zachikasu. Musati ndi malungo kapena ukalamba. Tithamangire nawo kuchipatala paketi ili m'manja.

Achimwene (Joni): Nanga winayo, furosemide?

Achemwali anesi (Zingwangwa): Ameneyo ndi wokodzetsa, amachotsa madzi a m'miyendo ndi m'mapapo. Koma amatulutsanso potaziyamu, ndipo potaziyamu akachepa m'magazi digoxin amaluma kwambiri. Komanso digoxin amatuluka kudzera mu impso, ndiye kwa achikulire amachedwa kuchoka m'thupi. N'chifukwa chake adokotala afuna magazi ayezedwe. Akatsegula m'mimba kapena kusanza mundiuze tsiku lomwelo. Mchere m'ndiwo uchepe. Ndipo mabotolo a zitsamba aja amabwera ndi ozonda, mulandire mwaulemu koma asamwe.

Mayi aang'ono (Ndirande): Lilipo kale limodzi pawindo, linabwera Lamlungu. Ndikalichotsa pompano.

Malume (Bangwe): Za ndalama tsono. Nyumba zathu ndi zisanu. Ndikupempha iliyonse K15,000 pa mwezi, ya mayendedwe, kuyezetsa magazi ndi mankhwala ngati tingafunike kugula. Tizitumiza kwa anesi athuwa pa Airtel Money kapena Mpamba pasanafike pa 5, iwo azilemba zonse pagulu pano.

Achimwene (Joni): Ine nditumiza ya miyezi itatu pa Mukuru Lachisanu. Ndionjezerapo ya makina oyezera BP aja amaonetsanso kugunda kwa mtima.

Achemwali anesi (Zingwangwa): Makinawo athandiza pa BP, koma mtima wosalongosoka ngati wa agogo nthawi zina amauwerenga molakwa. Dzanja lisasiyidwe. Loweruka ndibwera ndidzakuphunzitseni amayi ndi alamu.

Mayi aang'ono (Ndirande): Tsiku lobwerera kuchipatala alemba Lachinayi la sabata yamawa. Pa minibasi sangathe, phuma lija.

Malume (Bangwe): Ndidzabwera ndi galimoto 6 koloko. Mudzakonzeretu buku lawo la kuchipatala, mapaketi onse ndi kope lija.

Mdzukulu (KUHeS): Kope ndili nalo latsopano, ndilijambula mizere usiku uno. Achemwali, mundidikire pa siteji ya Ginnery Corner Loweruka, tidzapitire limodzi.

Mayi aang'ono (Ndirande): Adzuka tsopano. Ndayesa kuwerenga padzanja, ndapeza 84 koma kukudumphadumpha. Ndilembe choncho?

Achemwali anesi (Zingwangwa): Lembani 84, pambali pake mulembe kuti kukudumpha. Ndikuimbirani ndikangofika kunyumba.