Dera lathu alifiiritsa pa mapu a chimfine cha mbalame, zikutanthauza chani?

Mbewe_waku_Springs:
Abale ndithandizeni. Ndimasamala nkhuku za mazira za abwana pa puloti ina cha ku Springs, kummawa kwa Johannesburg. Sabata yatha kunabwera adokotala a ziweto aboma atatenga mapu pa tabuleti, dera lathu lonse lofiira, akuti tili pachiopsezo cha chimfine cha mbalame. Koma nkhuku zathu zili bwinobwino, zikudya, zikuikira, palibe yazyolika olo imodzi. Ndiye kufiirako akutengera chani? Mtima sukukhala pansi, paja 2023 anzanga ena ntchito inawathera nkhuku zitaphedwa makola onse.

NaPhiri_Germiston:
Achimwene kufiirako sikuti matenda alowa kale ayi, akungoti kwanuko ndi komwe angalowere msanga. Popanga mapuwo amayang'ana komwe kuli madambo ndi madamu okhala mbalame zam'madzi, komwe kwachulukana nkhuku, ndi komwe matenda anabukapo kale, zonsezi nkuzisanjikiza pamodzi. Tsono inu muli pafupi ndi madambo a Blesbokspruit ndi Marievale, kumene abakha ndi atsekwe akutchire amadzadza, ndipo mbalame zimenezi zimatha kuyenda ndi kachilomboka zosaoneka kudwala, zimangosiya m'zitosi ndi m'madzi basi. Kumbukirani chimfine cha mtundu wa H5N1 cha 2021 chinayambira ku Ekurhuleni komweko, cha mtundu wa H7N6 mu 2023 chinasakaza Mpumalanga ndi Gauteng mpaka mashopu anayamba kuika malire a mazira omwe munthu ungagule. Funso langa ndi loti madzi omwe nkhuku zanu zimamwa mumatunga kuti?

Mbewe_waku_Springs:
Asisi mwandilasa. Pampu ikavuta timatunga pa kadamu kakuseri, mmawa uliwonse pamakhala atsekwe, zitosi zobiriwira mbwee pa udzu, ine nkupondapo ndi magambutsi omwewo nkulowa nawo mkhola.

MalumeJere:
Ameneyo ndiye khomo la matendalo mphwanga. Madzi apadamu asiyeni lero lomwe, magambutsi amkhola akhale amkhola, pakhomo ikani beseni la mankhwala opondamo, chakudya chisatayikire panja poti chimaitana mbalame.

Koma chomwe chimandiwawa ine nchina. Ife tinakula ndi chitopa kumudzi, nkhuku zikayamba kufa timangoti chafika, ena kuthamangira kuzinga nkudya. Kuno anthu amaopanso kunena poti akuti aboma adzapha zonse, ena nkhani ya mapepala. Koma mapu aja amadalira zomwe anthu tanena, pomwe sitinanene pamaoneka ngati pali bwino chonsecho zikufa. Ndi maso simungasiyanitse chitopa ndi chimfinechi, mpaka akapime ku labu ngati ya ku Onderstepoort. Zikafa zambiri mwadzidzidzi, lipombo litachita bii, mazira atatsika, kapena mwapeza mbalame zakufa pa damupo, musagwire ndi manja, auzeni abwana aimbire adokotala aja tsiku lomwelo.

Mbewe_waku_Springs:
Zikomo amalume. Nambala yawo anatisiyira, ili pa chitseko cha stolo. Mawa ndiyamba ndi nkhani ya pampu.