Makompyuta a sukulu yakwathu: tiikemo Windows kapena Linux?

Mlembi: Akuluakulu, makompyuta 12 aja amene achimwene a ku Johannesburg anapezera sukulu yathu afika bwino, ali mu ofesi ya a hedi. Onse ali ndi Windows 10, ndipo amene anawayatsa akuti awiri okha ndi omwe angalandire Windows 11. Tigwirizane choikamo ana asanayambe kuwagwira.

Achimwene a ku Johannesburg: Moni nonse kumudziko. Zimenezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinawapeza motchipa. Microsoft, kampani yopanga Windows, inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe analembetsa zoonjezera, nazonso n'zakanthawi. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko. Pa mapurosesa a kampani ya Intel, kuyambira m'badwo wa 8. Khumi enawo ndi akale kuposa pamenepo. Ine ndikuti tiikemo Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, ndipo mtundu wake wa Xfce sulemera pa makina okalamba.

Mayi Msungichuma: Zaulerezo ndazimva ndipo zandikomera, thumba lathu mukulidziwa. Koma achimwene, mwana akamakafuna ntchito ku boma amamufunsa Word ndi Excel. Tisawaphunzitse chinthu choti akatuluka pageti sakachipezanso.

Aphunzitsi a kompyuta: Mayi, nkhawa yanuyo ndi yanganso. Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona komwe ndinkaphunzitsa kale. Mwana amapita ku trading kukaikitsa nyimbo mu flash, mawa lake aibaya pa kompyuta ya sukulu. Mukatsegula, mafoda onse asanduka ma shortcut, ntchito ya Fomu 4 ya teremu yonse osaoneka. Ndinachezera usiku awiri ndi tochi ya foni kukamwa, ndikupukuta makina amodziamodzi. Antivirus inalimo, koma popanda bundle yoipatsa ma update inali ngati mlonda wogona. Ma virus a mtundu umenewo analembedwera Windows, pa Linux sadzuka. Sindikuti Linux singalowedwe, ayi, koma mwana sangaikemo pulogalamu popanda password ya mphunzitsi.

Za Word, Mint imabwera ndi LibreOffice. Writer imatsegula mafayilo a Word, Calc imatsegula a Excel, ndipo SUM ndi AVERAGE zimalembedwa chimodzimodzi. Pomwe pali kusiyana kwenikweni ndi pa database, pulogalamu yosungira ndi kusanja ma rekodi: Access ya Microsoft kulibe, kuli Base, ndipo mabatani ake sali pamalo amodzi ndi zithunzi za m'mabuku omwe ana amawerenga pokonzekera MSCE.

Mayi Msungichuma: Ndiye pamenepo mwandivomereza, aphunzitsi.

Aphunzitsi a kompyuta: Pa Access pokha ndakuvomerezani, mayi.

Achemwali a ku Leeds: Bwanji tingoika Windows 11 mokakamiza pa onse? Ndinamva kuti zimatheka.

Achimwene a ku Johannesburg: Zimatheka achemwali, koma Microsoft yomweyo inanena kuti makina otero sikuwalonjeza ma update. Ndipo Office (phukusi la Word, Excel ndi Access) ya crack, yosagula mwachilungamo ija anyamata amaika mumsika, ndiyo njira ina yomwe ma virus amalowera. Pa sukulu ayi.

Agogo athu, mlangizi wa gulu: Ana inu, ine za TPM sindikuzidziwa. Funso langa ndi limodzi. Mjigo uja tinakumbitsa unakhala miyezi ingati osatunga chifukwa wodziwa kukonza anali kutali? Aphunzitsiwa akawasamutsa, Linux yanuyo adzaigwira ndani? Anyamata a pa trading amadziwa Windows yokha. Walira mvula walira matope.

Aphunzitsi a kompyuta: Agogo mwalasa. Ndiphunzitsa aphunzitsi anzanga awiri ndi ana angapo a Fomu 3, ndipo flash yoikira Mint izikhala mu kabati ya a hedi. Komanso ndipemphe: magetsi akazima mwadzidzidzi, hard disk imavulala kaya muli Windows kaya Linux. Tisaiwale ma UPS, mabatire osunga kompyuta ili yoyaka kwakanthawi magetsi akazima.

Mlembi: Nanga printer ya mu ofesi igwira pa Mint?

Achimwene a ku Johannesburg: Zambiri za HP zimagwira zokha mukangolumikiza. Nditumizireni chithunzi cha nambala yake ndione. Ndionjezeranso Kiwix, ana aziwerenga Wikipedia popanda intaneti.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndamva motere: awiri atsopano aja alandire Windows 11 ndi Office yogula mwachilungamo, ana a Fomu 4 azisinthana pa Access. Pa khumi aja, aphunzitsi ayambe aika Mint pa atatu, tione mmene ana achitire mpaka kutsekera kwa teremu. Mayi Msungichuma, tipezereni mitengo ya UPS ku Lilongwe pofika Loweruka. Wotsutsa alembe lero lomwe.

Mayi Msungichuma: Sinditsutsa, koma mtengo wa Office ndiufuna kaye ndisanatulutse ndalama ya UPS.