Za zithunzi za mphwanga zija

Ndinafunsa muja kuti ndimuuze bwanji mphwanga zolakwika pa zithunzi zake za ku Senga Bay popanda kumufooketsa. Ambiri munati ndiyambe ndi zimene wachita bwino, kenako nditchule chinthu chimodzi chokha choti akonze. Zathekadi.

Ndinamuyamikira kaye poti amadekha, amadikira mpaka asodzi afike ndi bwato kumtunda. Kenako ndinamuonetsa vuto lake. Kuno ku Salima dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye akajambula m'mawa atayang'ana kumadzi, nkhope za anthu zimada bii. Ndinamuuza kuti aziima cham'mbali, kapena azikhudza nkhopeyo pafoni kuti iwale. Zoti nyanja imaoneka yopendekeka ndazisiya dala, tidzakambirana tsiku lina.

Dzulo watumiza za amayi oyanika usipa, nkhope zikuoneka bwinobwino.