Mapanelo a ACP akung'ambika popinda, tikulakwitsa pati?

Moni nonse amisiri anzanga. Ndithandizeni nzeru pa mapanelo a ACP, aja a aluminiyamu mbali zonse ziwiri ndi pulasitiki pakati. Tikukutira nawo kutsogolo kwa shopu ku Lilongwe, pa fulemu ya ma square tube a 25 mm. Shiti ndi ya 1220 ndi 2440 mm, yochindikala 4 mm, aluminiyamu yake 0.3 mm mbali iliyonse.

Vuto lili popinda m'mphepete. Tikadula ngalande ya V kumbuyo ndi router (makina ogobera ngalande) n'kupinda madigiri 90, penti wakutsogolo akuchita kamzere koyera, penanso aluminiyamuyo kung'ambikiratu. Mashiti atatu aonongeka kale, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Tayesa bit (kampeni ka router) yatsopano ya nsonga yathyathyathya. Tachepetsanso kuya kwa ngalande kuti pansi patsale pulasitiki pang'ono, ndipo timapinda kamodzi kokha, osabweza. Kupinda masana shiti itafunda padzuwa kwathandizako, koma osati pa onse. Amene anatigulitsa akungoti vuto ndi manja athu.

China, mapanelo awiri omwe tamangirira kale akutumphuka pakati dzuwa likakwera. Mabowo tinaboola ofanana ndendende ndi rivet (kamsomali komangira panelo ku fulemu), ndiye ndikukayikira kuti panelo ikusowa pofutukukira.

Kodi inu mumasiya pulasitiki wochindikala bwanji pansi pa ngalande? Kapena aluminiyamu ya 0.3 ndiyo yachepa, tigule ya 0.5? Nanga bowo la rivet mumalikulitsa ndi mamilimita angati, ndipo pakati pa mapanelo mumasiya mpata wotani musanaike silicone?