Avereji ya kulemera kwa ana yatuluka makilogalamu 71 mu R, ndipo mizere yachuluka nditaphatikiza mafayilo

Wosanthula_Watsopano analemba:

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mwagwiritsa ntchito R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero, kwa nthawi yaitali, chifukwa ndatha masiku atatu ndikungozungulira pamalo amodzi. Ndili ndi mafayilo awiri a kafukufuku amene analembedwa mu Excel, ndipo ndinawasunga monga CSV (mtundu wa fayilo imene makolamu ake amalekanitsidwa ndi mipatuliro). Fayilo yoyamba ili ndi ana 600 osakwana zaka zisanu, mwana aliyense ali ndi mzere wake wosonyeza nambala ya nyumba imene amachokera, tsiku lobadwa, tsiku limene anayezedwa ndiponso kulemera kwake m'makilogalamu. Fayilo yachiwiri ili ndi zokhudza nyumbazo, monga chiwerengero cha anthu okhalamo ndi maphunziro a mayi. Khodi imene ndikugwiritsa ntchito anandisiyira mnzanga amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere, ndipo mzere wake wowerengera fayilo ndi uwu:

`ana <- read.csv("ana.csv", stringsAsFactors = TRUE)`

Nditalemba `mean(ana$kulemera)` ndinalandira NA (chizindikiro cha R chosonyeza kuti yankho palibe) pamodzi ndi chenjezo lakuti kolamuyi si ya manambala. Ndinaisintha ndi `as.numeric`, chenjezo lija linasiya kubwera, koma avereji inatuluka 71, pamene tonse tikudziwa kuti mwana wa zaka zitatu sangalemere ngati munthu wamkulu. Ndikatsegula fayiloyo mu Excel, manambala onse akuoneka abwinobwino.

Vuto lachiwiri ndi lakuti nditaphatikiza mafayilo awiriwa ndi `merge(ana, nyumba)` mizere inakhala 617 m'malo mwa 600. Sindikumvetsa kumene ana 17 owonjezerawo achokera. Kodi ndichotse R n'kuiikanso, kapena vuto lili m'khodi?

Mphunzitsi_wa_Ziwerengero anayankha:

Musachotse R, chifukwa yachita zimene inauzidwa. Vuto lanu loyamba ndi lakale kwambiri, moti linayankhidwa kale m'mafunso ofunsidwa kawirikawiri amene amabwera ndi pulogalamuyi.

Pamene `read.csv` ikuwerenga kolamu, imayang'ana zonse zimene zalembedwamo, ndipo ikapeza ngakhale malo amodzi okha amene si nambala, kolamu yonse imaitenga kuti ndi ya mawu. Mwina woyeza wina analemba kuti "sanayezedwe", kapena analemba 14,2 ndi mpatuliro m'malo mwa 14.2 ndi kadontho, kapena anawonjezera "kg" kumapeto kwa nambala. Zimenezi sizioneka msanga munthu akamayang'ana mizere 600 ndi maso. Popeza khodi yanu ili ndi `stringsAsFactors = TRUE`, mawuwo anasandutsidwa factor. Factor imasunga zinthu ziwiri: mndandanda wa mayina osiyanasiyana amene apezeka m'kolamu, oikidwa motsata alifabeti, ndi nambala ya malo a dzina lililonse pamndandandawo. Motsata alifabeti, "10.1" amakhala patsogolo pa "9.8", chifukwa 1 amayamba 9 asanabwere. Mukalemba `as.numeric` pa factor, chimene mumalandira ndi manambala a malo aja, osati kulemera. Choncho 71 wanuyo ndi avereji ya malo pamndandanda, ndipo alibe chochita ndi makilogalamu.

Njira yake ndi kubwezera kolamuyo ku mawu poyamba, kenako n'kuisandutsa manambala: `as.numeric(as.character(ana$kulemera))`. Koma musanachite zimenezi, fufuzani chimene chinaipitsa kolamuyo, chifukwa malo onse amene si nambala yeniyeni adzasanduka NA, ndipo R idzangopereka chenjezo limodzi lalifupi osanena kuti ndi mizere ingati. Yesani izi:

`mawu <- as.character(ana$kulemera)`
`table(mawu[is.na(as.numeric(mawu))], useNA = "ifany")`

Mudzaona mndandanda wa zolembedwa zonse zimene zikukana kusanduka nambala. Zimene zili ndi mpatuliro ndi kulemera kwenikweni kwa ana, choncho zikonzedwe ndi `gsub(",", ".", mawu)` osati kutayidwa.

Mnzanu amene analemba khodiyo ndisamuweruze kwambiri. Kwa zaka zambiri `read.csv` inkasandutsa mawu kukhala factor payokha popanda kuuzidwa, ndipo zimenezi zinasintha mu R 4.0.0, imene inatuluka mu April 2020. Anthu ambiri anangowonjezera `stringsAsFactors = TRUE` m'makhodi awo akale kuti apitirize kugwira ntchito monga kale, ndipo mwanjira imeneyi msampha wakalewo unapitirira. Ine ndimakonda kuwerenga zonse monga mawu, n'kupanga factor ndekha pa makolamu okhawo amene alidi magulu, monga mwamuna kapena mkazi. Mukangowerenga fayilo iliyonse, lembani `str(ana)` musanachite china chilichonse, kuti muone mtundu umene R yapatsa kolamu iliyonse.

MlembiWaKhodi anayankha:

A Mphunzitsi afotokoza bwino za factor, ndipo ine ndilankhulepo pa nkhani ya mizere 617, imene ndikuiona kuti ndi yoopsa kuposa yoyambayo. Avereji ya 71 imadzionetsa yokha kuti ndi yolakwika, koma mizere yobwerezedwa imapereka zotsatira zooneka zomveka, ndipo munthu angathe kulemba lipoti lonse osazindikira.

Choyamba, musaganize kuti ana owonjezera ndi 17 ndendende. Lamulo la `merge` limachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ngati nambala ya nyumba yalembedwa kawiri m'fayilo ya nyumba, mwana aliyense wa m'nyumba imeneyo amatuluka kawiri. Ndipo ngati mwana ali ndi nambala ya nyumba imene sikupezeka m'fayilo inayo, mzere wake umatayidwa mwakachetechete, pokhapokha mutalemba `all.x = TRUE`. Ndiye kuti 17 ameneyo ndi kusiyana kwa owonjezeka ndi otayika, ndipo magulu onse awiri angakhale aakulu kuposa pamenepo. Zinandichitikirapo kuti owonjezeka ndi otayika anatsala pang'ono kufanana, chiwerengero cha mizere n'kuoneka ngati sichinasinthe kwenikweni, ndipo ndinazindikira patapita milungu pamene wina anandifunsa chifukwa chake munthu mmodzi akupezeka katatu.

Musanaphatikize, onani izi: `sum(duplicated(nyumba$nambala))` ikuuzani ngati pali nyumba zobwerezedwa, ndipo `setdiff(ana$nambala, nyumba$nambala)` ikusonyezani manambala amene ali kwa ana koma kulibe ku nyumba. Pa otayikawo, chinthu chimene ndimachikayikira poyamba ndi maziro a kutsogolo. Nambala ngati 0042 ikawerengedwa monga nambala imasanduka 42, ndipo ngati m'fayilo inayo yasungidwa monga mawu, "0042" ndi 42 sizikumana. Excel nayonso imadya maziro amenewa mukangotsegula CSV n'kuisunganso. Nambala yozindikirira munthu kapena nyumba si ya masamu, palibe amene amaiphatikiza kapena kuigawa, choncho iwerengeni monga mawu pogwiritsa ntchito `colClasses`, kenako muchotse mipata yosaoneka ya kumapeto ndi `trimws`.

Chinanso, mwalemba `merge(ana, nyumba)` osatchula kolamu yolumikizira. Mukatero R imagwiritsa ntchito makolamu onse amene ali ndi dzina lofanana m'mafayilo awiriwo. Ngati onse ali ndi kolamu yotchedwa "tsiku", mzere udzalumikizidwa pokhapokha nambala ya nyumba ndi tsiku zonse zitafanana. Nthawi zonse lembani `by = "nambala"`. Amene amagwiritsa ntchito phukusi la dplyr ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa kuyambira mu dplyr 1.1.1 ya mu 2023 munthu angathe kulemba `relationship = "many-to-one"` mu `left_join`, lamulo lake lophatikizira mafayilo, ndipo khodi imaima ndi uthenga wa cholakwika ngati nyumba ina yabwerezedwa.

Wakale_pa_Deta anayankha:

Simunafunse za masiku, koma popeza mwanena kuti muli ndi tsiku lobadwa ndi tsiku loyezedwa, ndikudziwa kuti posachedwa mudzafuna kuwerengera zaka za ana, ndipo pamenepo pali dzenje lina. Mukalemba `as.Date("14/03/2021")` osatchula kalembedwe, R siikana, koma imaganiza kuti chaka chili koyambirira, n'kukupatsani tsiku la 20 March m'chaka cha 14. Mukatchula kalembedwe koma n'kulemba `%y` wamng'ono m'malo mwa `%Y` wamkulu, imawerenga manambala awiri oyamba okha a chaka, ndipo 2021 amasanduka 2020, monganso 2022 ndi 2023. Cholakwika chachiwirichi n'chovuta kuchigwira chifukwa tsikulo limaoneka lenileni. Kalembedwe koyenera pa masiku otere ndi `format = "%d/%m/%Y"`. Mukapeza manambala ngati 44197 m'kolamu ya masiku, amenewo ndi masiku a Excel owerengedwa motsatizana, ndipo `as.Date(44197, origin = "1899-12-30")` ikupatsani 1 January 2021.

Pa nkhani ya kulemera, ndiwonjezere kuti mafomu ambiri a kafukufuku amagwiritsa ntchito 99 kapena 999 kutanthauza kuti yankho palibe. Manambala amenewa amadutsa pa `as.numeric` popanda chenjezo lililonse, n'kukweza avereji. Ine ndimangowaika pa nthawi yowerenga fayilo: `na.strings = c("", "NA", "99", "999")`, nkhani n'kutha.

Mphunzitsi_wa_Ziwerengero anayankhanso:

Za masiku ndikugwirizana nanu kotheratu, a Wakale, koma pa `na.strings` ndiloleni ndisiyane nanu. Zimene mwaika pamenepo zimagwira makolamu onse a fayilo nthawi imodzi. Ngati pali nyumba imene nambala yake ndi 99, nambalayo idzasanduka NA, ndipo ana a m'nyumba imeneyo adzakhala opanda kwawo pophatikiza mafayilo. Mukanakhala ndi kolamu ya msinkhu m'masentimita, mwana aliyense wotalika masentimita 99, amene ndi msinkhu wamba kwa ana a zaka zitatu kapena zinayi, akanatayika chimodzimodzi. Ndi bwino kusintha kolamu imodziimodzi mutawerenga buku lofotokoza tanthauzo la manambala a pafomu, mwachitsanzo `ana$kulemera[ana$kulemera %in% c(99, 999)] <- NA`. Ndi mizere yambiri ya khodi, inde, koma aliyense wowerenga adzaona chimene chinachotsedwa ndi kolamu imene chinachotsedwamo.

Wosanthula_Watsopano anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndachita monga mwanenera ndipo zimene ndapeza zandichititsa manyazi pang'ono. M'kolamu ya kulemera munali malo 23 olembedwa ndi mpatuliro, malo 11 olembedwa kuti "anakana", ndi malo 6 okhala ndi 99. Nditakonza a mpatuliro n'kusandutsa enawo NA, avereji yatsika kufika pa makilogalamu 12.4, imene ndi yomveka kwa ana a msinkhu umenewu.

A MlembiWaKhodi munalasa. Nyumba 9 zinalembedwa kawiri chifukwa ofunsa anabwererako ulendo wachiwiri, ndipo zimenezi zinawonjezera mizere 31. Ana 14 anatayika, ena chifukwa cha mpata kumapeto kwa nambala ya nyumba ndipo ena chifukwa nyumba zawo mulibedi m'fayilo yachiwiri. Pamenepo 600 kuwonjezera 31 kuchotsa 14 ndi 617 uja. Tsopano ndili ndi mizere 600.

Ndatsala ndi funso limodzi. Ndayesa kuona mmene kulemera kumayendera ndi zaka za mwana ndi maphunziro a mayi polemba `lm(kulemera ~ zaka + maphunziro, data = onse)`, pamene `onse` ndi mafayilo awiri aja ataphatikizidwa, ndipo `nobs` ikusonyeza kuti yagwiritsa ntchito ana 541 okha, pamene osowa kulemera ndi 17 basi. Ena 42 apita kuti?

MlembiWaKhodi anayankhanso:

Lamulo la `lm` limasiya mzere uliwonse umene ukusowa ngakhale chimodzi mwa zinthu zimene mwatchula, osati kulemera kokha. Mwana amene ali ndi kulemera koma tsiku lake lobadwa linakana kuwerengedwa amasiyidwa, chimodzimodzinso amene nyumba yake mulibe m'fayilo yachiwiri, popeza maphunziro a mayi ake ndi NA. Chiwerengero cha osiyidwa chimalembedwa pafupi ndi mapeto a `summary`, koma m'kamzere kamene ambiri sakawerenga. Lembani `colSums(is.na(onse[, c("kulemera", "zaka", "maphunziro")]))` kuti muone kolamu imene ikudya mizere yambiri. Ngati ndi ya zaka, bwererani ku zimene a Wakale anena, chifukwa kawirikawiri m'kolamu imodzi mumakhala kalembedwe ka masiku koposa kamodzi, ndipo masiku ambiri osagwirizana ndi kalembedwe kamene mwatchula amasanduka NA popanda chenjezo.

Mukamaliza zimenezo, yerekezani ana 59 osiyidwawo ndi 541 otsalawo pogwiritsa ntchito `complete.cases`. Ngati osiyidwawo ndi a wofunsa mmodzi, kapena ambiri mwa iwo ndi makanda, zotsatira za `lm` zapendekera mbali imodzi, ndipo lipoti lanu liyenera kunena zimenezo poyera pamodzi ndi chiwerengero chenicheni cha ana amene alowa m'masamuwo. Za nyumba 9 zobwerezedwa zija, simunatiuze kuti mwasunga ulendo woyamba kapena wachiwiri. Ngati mwagwiritsa ntchito `!duplicated`, R yasunga mzere umene unali pamwamba m'fayilo, umene mwina si umene ofunsa anautenga kuti ndi wolondola, choncho afunseni chimene anabwererako musanasankhe.